Kapepala Kamene Ndinakana Kumanga

Pamene ndinkakwera ndege ya ku Japan ndinali ndi pakati pa miyezi inayi, ndipo ankadziwa ndi bambo a kunyumba okha. Mimba ziwiri zinali zitapita kale padera, ina ku Lilongwe, ina kuno ku Birmingham komwe ndinkagwira ntchito ya unamwino. Yachitatuyi ndinkayenda nayo ngati ndasenza mazira. Mng'ono wanga, amene ankaphunzira ku Kyoto, ndiye anandikakamiza pafoni: "Achemwali, bwerani mudzapitidweko mphepo, mashifiti akutherani thupi." Nayenso sindinamuuze. Kwathu mimba salengeza, imaoneka yokha.

Tsiku lachitatu anatilembetsa ulendo wapansi wokaona akachisi akale. Wotitsogolera anali mayi wamfupi wonyamula kambendera kachikasu, wolankhula Chingerezi modekha. Tinadutsa zipata zofiira, tinasamba m'manja ndi zikho zansungwi, ine ndikudzilimbitsa mtima kuti kusamba m'manja si tchimo. Ndinakulira m'kwaya ine, za mafano ndinkaziopa. Koma tisanamizane, nyumbazo n'zokongola: matabwa oda ndi ukalamba, fungo la lubani, belu lalikulu loti anthu atatu angabisalemo.

Kuseri kwa kachisi wina, pansi pa mitengo, tinapeza tiziboliboli tamiyala tili ndandanda, tovekedwa tinsalu tofiira pakhosi, tina tizipewa toluka. Ndinaseka. "Anawa akuzizidwa eti?" Mayi uja sanaseke. Anati n'za ana ndithu, amene anamwalira ali makanda ndi amene sanabadwe n'komwe. Nthano yawo imati ana otere amatsakamira m'mbali mwa mtsinje wa akufa, n'kumaunjika timiyala. Mulu ukangokwera, chiwanda chimabwera kudzagumula, iwo n'kuyambiranso. Ndiye makolo amaveka tiziboliboliti kuti mtetezi wa ana awabise anawo mumkanjo wake.

Kwathu mtayo salira. Amayi achikulire amakakwirira mwakachetechete, wopanda dzina, iwe n'kukuuza kuti pukuta misozi ungatseke mimba. Anga awiriwo ndinali ndisanawalirepo, ndipo apo ndinkangowaona ali okhaokha kumtsinjeko, akutola miyala.

Mng'ono wanga ataona kuti nkhope yagwa, anandikokera pa kawindo ka maula. "Ndi masewera chabe, achemwali, aliyense amapanga." Umakhutchumula kabokosi, kandodo n'kugwa, iwo n'kukupatsa kapepala konena za tsogolo lako. Chimene chinandilowa sindichidziwa mpaka lero. Ine, mayi wa yunifolomu kutchalitchi, ndinakhutchumula! Mayi wa kambendera anawerenga kapepala kanga, nakweza nsidze.

"Tsoka lalikulu," anatero. "Koma musadandaule. Pindani, mumange apo, tsokalo litsala konkuno." Anandilozera mawaya odzaza timapepala toyera tomangidwa mfundo.

Kumanga? Ine wapakati? Mayi anga ankachita kumasula ngakhale mfundo ya chitenje cha mlamu wanga ali woyembekezera, amvekere mfundo imatseka njira ya mwana. Sukulu ya unamwino ndinapita, ndikudziwa bwinobwino kuti khomo la chiberekero silimva za mfundo, koma manja anakana. Kupempha mng'ono wanga kuti andimangire kukanafuna kuti ndifotokoze chifukwa. Ndinangoyerekeza kumanga, kapepala n'kulowetsa m'thumba la jekete. Tikutsika masitepe, mzungu wina wa m'gulu lathu anafunsa kuti nanga munthu ukapanda kumanga?

"Ndiye kuti wapita nalo kwanu," anayankha mayi uja akumwetulira.

Ndinapita nalodi kunyumba ku Erdington, dera lathu la mu Birmingham. Jekete ndinalipachika kuseri kwa chitseko ndipo sindinalivalenso, ngakhale kunja kunkazizira koopsa. Kutaya kapepalako m'bini ndinkaopa, kuotcha ndinkaopanso. Kuuza abusa? Ndikayambe bwanji, ndinene kuti ndinakaombeza ku Japan? Bambo a kunyumba akanangoti, "Mayi, mwayamba liti zimenezi?" Ndiye ndinangokhala nacho chinthu changa, kumadutsa pachitsekopo cham'mbali. Kuwadi ndinkathamangira kuchimbudzi pafupipafupi kukadziyang'ana, mpaka anzanga anayamba kundifunsa ngati ndili ndi shuga. Mantha amenewo sindingawafunire ngakhale mdani wanga.

Lamlungu lina titaweruka mapemphero ku Sparkhill, bambo ali kuntchito, ndinaona kadontho ka magazi. Mayo ine! Ndinangokhala pansi m'chimbudzi cha holo yopemphereramo momwemo, pasimenti. Anandipeza ndi amayi ena a ku Zomba, namwino wamkulu amene anatilandira ambirife titangofika kuno, mayi wa pakamwa pakuthwa. Ndinaulula zonse, za mimba, za maula, za kapepala.

"Iwe mwana iwe! Namwino wathunthu, magazi akutuluka iwe uli bize ndi pepala? Dzuka, tiye kuchipatala."

M'galimoto ndinayamba kuwachonderera. "Amayi, chonde, kapepala kali m'jekete kunyumba. Sindingalowe m'chipatala kali chimasukire."

Anandiyang'ana, natsonya, nayang'ananso. Kenaka anakhotera njira ya ku Erdington. Kunyumba anapisa okha m'thumba muja, kapepala n'kukapinda motalika, ulendo kumpanda wa zitsamba wa kuseri. Ine ndinaima pakhomo nditagwira pamimba.

"Ine kubereka ndinatseka kalekale," anatero, "mfundo indimanga chiyani?" Anamanga panthambi, nabwereza kachiwiri, nakoka zolimba. "Ambuye mutikhululukire, ndi mantha a mwanayu. Iwe, kwera galimoto!"

Kuchipinda cha amayi oyembekezera, mzamba wachizungu anandipaka mafuta ozizira pamimba, nayamba kuyendetsa kamakina komvera mtima wa mwana. Kamakinako ndinkakadziwa, ndipo ndinkadziwanso mmene kamakhalira chete. Kunamveka mkokomo ngati wa mphepo basi. Anasunthira kumanzere, kulibe. Anatsikira m'munsi, kulibe. Ndinafinya dzanja la amayi aja mpaka mphete yawo inandidinda, m'maso mwanga muli timiyala tokhatokha tikugumuka. Mzamba uja anasiya kumwetulira, nawonjezera mafuta.

Kenaka gu-gu-gu-gu, mofulumira ngati kamwana kakuthamanga pakhonde.

"Ndi uyu," anatero mzamba. "Anangobisala."

Mwini mtimawo lero ndi mtsikana wamtali kundiposa, ndikamulankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi. Koma tsikulo sindinaseke. Ndinalira mokuwa, kulira kwa pamaliro kwenikweni, mpaka anamwino ena anasuzumira pakatani. Mzamba anasokonezeka, nayamba kundisisita paphewa kuti zonse zili bwino, mwana ali moyo, kodi sindinamve?

Amayi a ku Zomba anamugwira mkono. "Musiyeni," anatero. "Wamva. Akulira awiri aja."