Mnzanga Amene Sanandiperekeze

Ufulu utangobwera, sukulu ya ana a azungu m'tauni muno inatsegulidwa kwa tonse. Bambo anga, kalaliki wa kuboma amene anaphunzira kumishoni ku Tamanda, anandigwira padzanja n'kukandisiya kumeneko. M'kalasi mwathu akuda tinali owerengeka. Ana enawo ankasuntha mipando ndikakhala pafupi, kupatula mtsikana mmodzi, mwana wa mzungu wokonza magalimoto. Iyeyo ankandibwereka labala, ine n'kumamugawira masuku. Mnzanga anali yekhayo basi.

Loweruka lina anandiitana kwawo. Ndisananyamuke, amayi anga anandikhula mpaka khungu kuwawa, akuti, "Usakatichititse manyazi kumeneko." Tinasewera, tinamwa tiyi, zonse bwinobwino. Nditatsanzika, mnzangayo anandifikitsa pakhomo, anakweza dzanja, n'kutseka chitseko kuti gwa!

Ine kakasi. Kwathu mlendo timamuperekeza, ngakhale kungomufikitsa pamphambano. Amene sitimuperekeza ndi amene sitifuna kuti adzabwerenso. Ndinayenda ndekha mpaka kwathu kukomboni, misozi ili chuchuchu. Amayi atamva anangoti, "Ndinkadziwa ine. Kusukulu amakufuna, kwawo ayi."

Lolemba ndinamubwezera mnzangayo labala wake osamuyang'ana. Ine ndikapsa mtima sindibisa, ana anga mpaka lero amadziwa. Koma m'kati ndinali ndi mantha. Popanda iye, pasukulupo ndikanamacheza ndi ndani?

Anandipeza kuseri kwa kalasi. "Ndakulakwira chiyani?" anafunsa m'Chinyanja chake chokhotakhota chimene anatola kwa amakaniko a bambo ake.

"Unanditaya pakhomo ngati galu! Sunandiperekeze!"

"Kodi njira sumaidziwa?"

Aa! Ndinamuyang'anitsitsa. Anali wodabwa zenizeni. Mwanayu sanandinyoze ayi, anali mbuli chabe! Mtima wanga unakhala pansi, ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, kenaka ndinamulongosolera za kwathu.

Titaweruka anandilanda chikwama n'kuchinyamula yekha. Pamphambano ndinamuuza kuti abwerere, anakana. Tinadutsa pamsika, anthu maso ali pa ife, poti mwana wa mzungu sankaoneka akuyenda pansi kukomboni. Anandifikitsa mpaka pakhonde pathu, thukuta lili kamukamu, nkhope ili psuu.

Amayi anatuluka n'kuima pakhomo, akumuyang'ana mnzangayo. Ine mtima unali m'mwamba. Kenaka anamanga chitenje chawo bwinobwino m'chiuno.

"Iwe, mpatse madzi mnzakoyu amwe," anandiuza. "Ameneyu ndimuperekeza ndekha."