Mkate Womwe Ndinakana Kulawa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chomwe ndinakana kulawa mkate wa amayi anga. Papita zaka zoposa makumi awiri, koma mwezi wa Ramazani ukamapita kumapeto, fungo la tsamba la nthochi lowauka pamoto limandipeza paliponse, ngakhale mu ofesi momwe mulibe moto kapena nthochi. Anzanga akuntchito amangoona ndati zii, cholembera chili m'manja, n'kumaganiza kuti ndi njala.

Tinkakhala m'mudzi wina pafupi ndi Nkope. Ababa anali msodzi wa usipa. Amayi, omwe anthu ankawatchula kuti Abiti Jafali, ankalima mpunga kudambo, ndipo sanali munthu wolankhulalankhula. Koma ikafika Idi, chikondwerero chotsekera mwezi wosala kudya, mudzi wonse unkadziwa njira ya pakhomo pathu chifukwa cha mkate. Ndikati mkate sindikunena buledi wa m'pepala ayi. Ndikunena mkate wa mpunga ndi nthochi, wolemera m'manja, wofiirira kunja, wonyowa pang'ono mkati, woti ukadya chibenthu chimodzi ndi tiyi m'mawa umafika nacho madzulo.

Ntchito yake inkayamba kutatsala sabata, pomwe amayi ankavundika nthochi mudengu mpaka makoko atada, zoti munthu wa m'tauni akanangotaya. Mpunga ankauviika m'madzi, kuutsanula, kuuyanika pang'ono palichero, kenako kuusinja mumtondo ndi kusefa. Nthochi ankazikanya ndi dzanja m'beseni, akuwaza ufa pang'onopang'ono. Analibe sikelo, analibe kapu yoyezera. Ankayala masamba a nthochi owaula mupoto wakale wopanda chogwirira, kuthiramo phalalo, kuvundikira ndi chidutswa cha lata, makala pansi, makala pamwamba.

Vuto linali limodzi. Mkate wa Idi umaphikidwa masana, wophikayo ali pa swaumu, sanaike kanthu m'kamwa kuyambira m'bandakucha. Ashehe ankanena kuti kugunditsa chakudya palilime osameza sikuononga swaumu, koma amayi sankafuna n'komwe kuyandikira malirewo. Ndiye lilime lawo ndinali ine. Kuyambira ndili ndi zaka zisanu, phala likasakanizidwa ankandiitana.

"Asiyatu, bwera. Tsinzina."

Ankati maso amasokoneza lilime. Ndinkatsinzina, iwo n'kundipaka phala palilime ndi chala. Ndinkati, "Mchere wachepa," kapena, "Chikusowa chinachake." Ndili chitsinzinire ndinkamva akusuntha, kabotolo kakulira, dzanja likuzungulira m'beseni, kenako chala chinkabweranso. Kachitatu kapena kachinayi zonse zinkangokhala m'malo mwake m'kamwa, ndipo ndinkati, "Basi." Mawu amenewo ndiwo ankatseka poto. Pakhomo pomwe mwana wamkazi sankafunsidwa maganizo pa chilichonse, tsiku limenelo bwana ndinali ine.

Chaka chomwe ndikunenachi ndinkadzimva kuti ndakula. Anzanga a ku madrasa anali atayamba kusala mwezi wonse, ndipo nanenso ndinalengeza pamaso pa ababa kuti sindidumpha ngakhale tsiku limodzi. Ababa ananyadira. Anandilonjeza diresi la Idi, nsalu yake n'kukaisiya kwa Che Bwanali, telala yemwe ankasokera pakhonde la golosale ya kumsewu. Ndinasala ndithu masiku ambiri. Koma Ramazani ya chaka chimenecho inagwa nthawi ya mango, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pa tsiku lophika mkate ndinalephera. Chakumasana ndinazembera kuseri kwa bafa ndi mango awiri, n'kuwadya mpaka njere kuyera. Ndinakwirira makoko mumchenga, kutsuka m'kamwa, n'kubwerera pakhomo ndi nkhope ya munthu woopa Mulungu.

Amayi chaka chimenecho anali atatha. Ankatsokomola kuyambira nyengo yozizira, ndipo chitenje chinkawazungulira m'chiuno pafupifupi kawiri. Anthu anawakumbutsa kuti wodwala amaloledwa kusasala, iwo n'kungomwetulira. Posinja mpunga m'mawa umenewo anapumira kasanu, atatsamira munsi. Ine ndinaziona zonsezo, koma ndinkawaona amayi momwe mwana amaonera mtengo wa pakhomo, woti ulipo lero ndipo mawa udzakhalapo.

"Asiyatu, bwera," anandiitana atakhala pamphasa, beseni lili pakati pa miyendo. "Chaka chino usatsinzine. Ulawe uli chipenyere, uone zomwe manja akuchita."

"Ndili pa swaumu, amayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati m'maso koma pakamwa. Mpaka lero sindidziwa ngati anaona kaulusi ka mango pakati pa mano anga. Ndikanatha kuulula pomwepo. Koma kuulula kukanatanthauza kuti ababa amva, anzanga amva, ndipo diresi ndikanalivala ndi manyazi, ngati ndikanalivala n'komwe.

"Chabwino, usalawe," anatero. "Ingokhala apa uziona."

Kukhala pamenepo, maso awo ali pakamwa panga, sindikanatha. Ndiye ndinachita zomwe amachita munthu wogwidwa, ndinalusa.

"Che Bwanali anati ndipite akandiyese diresi. Komanso, amayi, masiku ano anthu akugula buledi. Kwa anzanga Idi ino adya buledi wa kuboma, wopaka majarini. Inu mukungodzivuta."

Sanandikalipire. Anapukuta thukuta ndi nsonga ya mpango, n'kuyang'ana m'beseni.

"Pita," anatero. "Diresi lingakuthawe."

Ndinapita. Ndinakhala pakhonde la golosale mpaka dzuwa litapendeka, ndikuonerera phazi la Che Bwanali likupalasa makina, ngakhale kundiyesa kunatha m'kanthawi kochepa. Pobwerera ndinamva fungo la tsamba la nthochi ndili patali. Poto anali atavundikiridwa kale, makala a pamwamba atasanduka phulusa, amayi atagona pamphasa chakumbali, dzanja lili pachifuwa.

M'mawa wa Idi, anthu atachoka kumzikiti, alendo anadzaza pakhonde pathu monga mwa nthawi zonse. Mkate unkaoneka momwe unkaonekera chaka chilichonse. Ndinaona Abiti Ndala, mnansi wathu komanso mnzawo wa amayi wa paubwana, akutafuna pang'onopang'ono, n'kumezera tiyi. Anauza amayi kuti, "Wakoma, mwali." Enanso anavomera. Ine, ndili m'diresi langa latsopano, ndinaluma chibenthu changa n'kulankhula mokweza ngati mwini lilime.

"Amayi, uwu wawawa mchere!"

Ababa anayang'ana pansi. Kenako amayi anaseka.

"Musadabwe, anthuni," anatero. "Lilime langa dzulo linali kwa telala."

Anthu anaseka nawo, ndipo kuseka kwa amayi kunathera m'chifuwa, mpaka anachita kudzuka kupita kuseri kwa nyumba. Umenewo unali mkate wawo womaliza. Anamwalira mpunga ukucha, Ramazani ina isanafike.

Patatha masiku makumi anayi tinachita sadaka, chakudya chomwe timaphika pokumbukira wakufa. Amayi a m'mudzi anagwirizana kuti sadaka ya Abiti Jafali siyingachitike popanda mkate wake. Abiti Ndala anasinja mpunga, anakanya nthochi, kenako anandiitana pakati pa gulu.

"Mwana iwe ndiwe unkakhala nawo chaka ndi chaka. Ankathira chiyani mayi ako? Ankayamba ndi chiyani?"

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinakhala pambali pa beseni limenelo, koma ndinali wotsinzina. Anandipatsa phala kuti ndilawe.

"Chikusowa chinachake," ndinatero.

"Chiyani?"

"Sindikudziwa."

Anatulutsa timabotolo ta amayi tomwe tinali pawindo. M'kena munali soda, m'kena munali ufa wofiirira womwe wina anati ndi jinja, wina n'kutsutsa, ndipo kachitatu kanali kopanda kanthu, kotsukidwa bwino. Anathira ichi, ndinalawa. Anathira icho, ndinalawa. Amayi onse aja ankandiyang'ana pakamwa, akudikira mawu amodzi, koma lilime langa linakana kunama. Pomaliza Abiti Ndala anapumira m'mwamba.

"Makala sadikira munthu," anatero, n'kuvundikira poto.

Mkatewo anthu anadya, ena n'kuyamikira. Ababa analuma kamodzi, anaika chotsalacho m'mbale mosamala ngati dzira, n'kupita kukasoka ukonde womwe sunali wong'ambika.

Lero ndimakhala ku Mangochi kuboma, m'nyumba ya magetsi, ndipo ndili ndi chitofu chokhala ndi uvuni. Idi ikayandikira anzanga amakaitanitsa makeke kusitolo, ena amagula ufa wosakanizasakaniza kale woti ungothira madzi ndi dzira. Pa zikondwerero ndimamva amayi akuluakulu akudandaula kuti atsikana a masiku ano sadziwa ngakhale chigumu, manja awo amangodziwa foni. Ine sindiyankhirapo. Ndine yani kuti ndiloze chala? Nthawi yanga kunalibe foni m'mudzi mwathu, koma ndinapeza kothawira.

Chaka chilichonse ndimayesa. Uvuni ndinausiya kalekale, ndimaphikira pambaula kuseri kwa nyumba, makala pansi, makala pamwamba. Ndayesa jinja, ndayesa khungu la ndimu, ndayesa nthochi za mitundu yonse yomwe imafika pamsika. Ndinakwera basi mpaka ku Namwera kukafunsa mayi wina wachikulire yemwe anthu ankati mkate wake ndi wa kale. Anandilandira bwino, anandionetsa zonse osabisa, ndipo mkate wake unali wokoma. Koma unali wake. Mwina chomwe chikusowa sichinali m'botolo n'komwe. Mwina kanali kachitidwe ka dzanja, kapena nthawi yomwe phala linkadikira ine ndili chitsinzinire. Chomwe chimandiwawa n'choti sindinaiwale. Ndikanaiwala bwenzi ndikupuma. Kukoma kwa mkate umenewo kuli palilime langa kwathunthu, ngati ndaudya m'mawa uno, ndipo padziko lonse palibe dzanja lomwe lingaubweretse.

Ndili ndi mwana wamkazi, Shakira, wa zaka zisanu ndi zitatu. Ramazani yathayi ndinamukhazika pambali pa beseni kuyambira poviika mpunga. Ndinamuuza kuti asatsinzine. Anaona chilichonse, anafunsa mafunso mpaka mutu kundiwawa, anakanya nthochi ndi manja ake. Nditamupaka phala palilime anaganiza pang'ono, nkhope itachita makwinya ngati ya munthu wamkulu.

"Basi, amayi," anatero.

Mawu amenewo sindinamuphunzitse. Ndinavundikira poto, ndipo tsiku lonse ndinali ndi kachiyembekezo kopusa. Dzuwa litalowa, titamasula swaumu, ndinabenthula pakona n'kulawa. Sunali umenewo. Unali mkate wanga womwewo wa chaka chilichonse, wabwino, wosowa chinachake.

"Ndi mmene ankaphikira agogo, eti?" anafunsa Shakira, m'kamwa mutadzaza.

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma ndinanamapo kale kamodzi pambali pa beseni, ndipo ndikudziwa mtengo wake. Ndinamuuza kuti ayi. Ndinamuuzanso za mango awiri aja, nkhani yomwe ababa anapita kumanda osaidziwa. Anamvetsera, kenako anati, "Koma uwu ndi wokoma," n'kutenga chibenthu china. Kwa iye mkate weniweni ndi umenewu, ndipo ndi womwe adzapatse ana ake. Wa Abiti Jafali adzaukwirira limodzi ndi ine.

Zaka zambiri ndinkaganiza kuti tchimo langa linali kudya mango masana a swaumu. Tsiku limenelo ndinalibweza kalekale, ndinasala lina m'malo mwake monga mwa lamulo. Chomwe ndikumvetsa tsopano n'choti masana amenewo amayi sankafuna lilime langa. Mchere akanatha kuuyerekeza okha, n'kulakwitsa, n'kuseka, monga anachitira. Ankadziwa zomwe chifuwa chawo chinkawauza, ndipo ankafuna maso anga kwa ola limodzi lokha, kuti asiye m'manja mwanga chinthu chimodzi chomwe mudzi unkawadziwa nacho. Ola limenelo lilibe tsiku lobwezera.

Diresi lija ndinalivala katatu. Kachitatu kanali pa maliro awo, ndipo linali litayamba kale kundithina m'khwapa.