Nkhonya yoviika mu mkodzo wa tonde

Msuweni wanga, mwana wa amalume a ku Chiputo, anabwera kudzakhala kwathu ku Fingoe kuti aziphunzira sekondale, poti kwawo mvula ikayamba msewu umasanduka phala. Tinkagona chipinda chimodzi, kudya mbale imodzi. Amandiposa pang'ono kubadwa, koma paubale wa chisuweni palibe wamkulu, ndiye ndinkamuseka mmene ndafunira. Ndinamuikapo chule mu nsapato, ndinamusokerapo mwendo wa buluku. Zimenezo zinali zamasewera. Imene ndikufuna kunena pano ndi imene mpaka lero ndimadzitama nayo.

Mphunzitsi wathu wa masewera, amene tonse tinkangoti apurofesa, anayambitsa kagulu ka nkhonya kuseri kwa makalasi. Magulovu analipo peyala imodzi, ong'ambika pa chala chachikulu. Thumba lomenya anadzazamo utuchi ndi masanza, ndipo mchenga anaukaniratu, akuti umalimba ngati mwala n'kuthyola mfundo za dzanja. Anatilonjeza kuti amene achite bwino apita naye ku Tete kukamenyana ndi a masikola ena. Ine ndinalowamo kuti ndiziona anthu akugwa. Msuweni wanga analowamo ndi mtima wonse, chifukwa ku Tete anali asanapondeko.

Maphunziro ake anali otopetsa. Kulumpha chingwe, kunjuta n'kudzuka, kudzikankha pansi ndi manja, kuponyerana mpira wolemera uku ukupotoza chiuno. Mawa lake n'kupuma.

"Nkhonya imayambira ku chidendene," apurofesa ankatero. "Ikwere m'chiuno, ifike paphewa. Dzanja limangokapereka. Ndipo ndisamve kuti wina akunyamula zitini za simenti, mafupa anuwo akadali anthete."

Msuweni wanga anaona kuti zikuchedwa. Kumsika anakumana ndi bambo wina wokumba golide, wa zibakera zonga zitsa, amene anamupatsa njira yachidule. Azimenya thumba la mchenga manja alibe kanthu mpaka khungu ling'ambike, kenako aziviika mu mkodzo wa tonde wothira mchere, n'kukulunga ndi nsalu. Nsaluzo asamachape, chifukwa mphamvu imakhazikika mmenemo.

Inu amene simunaonepo munthu wa sekondale akuthamangira tonde m'khola ndi chitini cha mafuta, kudikira kuti akodze, simunaone zinthu. Tonde wathu ndi wonunkha kale, woti akadutsa kumphepo umasiya kudya. Msuweni ankamunyengerera ngati mwana, ndipo tsiku lina anamukodzera kumaso. Ndinaseka mpaka kugwira mpanda.

Kuseka kunatha fungo litalowa m'chipinda. Anang'amba kapulana yakale ya amayi, chitenje chamaluwa achikasu, n'kupanga timizere tokulungira manja. Posakhalitsa timizereto tinauma gwa ngati chikopa, todera, tomata magazi ndi mchere ndi ubweya wa mbuzi. Usiku ankatisunga pansi pa pilo. Ntchentche zinkadziwa khomo lathu kuposa la kuchimbudzi. Malaya anga a sikola anatengera fungolo, ndipo mtsikana amene ndinkakhala naye benchi limodzi anasamuka osatsazika.

"Suweni, chinaola ndi chiyani muno, ndiwe kapena khoswe?"

"Ndi fungo la amuna limenelo. Iwe unazolowera mafuta odzola a alongo ako."

"Amuna akwanu ku Chiputo amakwatira bwanji, akazi awo alibe mphuno?"

Kumasewera ankabisa. Pamwamba pa nsanza zakezo ankakulungapo nsalu yoyera, ndipo fungo ankanamizira khola, kuti ndiye amatsegulira mbuzi m'mawa. Choipa n'chakuti magulovu anali aja amodzi. Akavula iye, wotsatira ankapisa dzanja m'kati monyowa, mofunda, moterera. Mnzathu wina anatulutsa dzanja n'kulinunkhiza, ndipo anathamangira kuseri kwa mtengo.

Kenako dzanja lamanja linatupa. Pamfundo ya chala chapakati panatseguka kabala kamene sikankauma, kotuluka zachikasu. Cholembera chinayamba kumukanika kugwira, ndipo m'khwapa munatuluka mwanabere. Usiku ankabuula, thupi lili moto. Ndinamuuza kuti apite kuchipatala.

"Akandiona apurofesa andichotsa pa ulendo. Ukangoulula, ndikuswa."

"Ndi dzanja liti, lovundali?"

"Amati likatupa ndiye kuti mankhwala akugwira."

Amayi ankangoti mwana wa achimwene awo ndi wolimbikira, poti pamaso pawo ankabisa dzanja m'thumba kapena kuseri kwa mbale. Koma ine ndinkadya naye. Tsiku lina tikudya nyemba, ndinaona kadontho kakutsika pachala chija, pang'onopang'ono, n'kugwera mu msuzi. Iye anavundula ndi chala chomwecho n'kupitiriza. Ndinadzuka. Nyemba sindinazidyenso mwezi umenewo, ndipo ngakhale lero ndikaona msuzi wake wachita mafuta pamwamba, ndimakankhira mbale kutali.

Kuulula sindikanaulula, ine si kazitape. Koma palibe amene anandilumbiritsa kuti nsalu zisayende.

Chitupire dzanja, ankazivula posamba pokha, n'kuzipachika pa udzu wa bafa. M'mawa wina ndinazitola ndi timitengo tiwiri, mpweya nditaugwira, n'kuziponya mu jumbo. Atatuluka anafunafuna, ine n'kuti mwina galu watenga, ngakhale ndinaonjeza kuti galu wanzeru sangayerekeze. Kusikola, nthawi yopuma, ndinapita pamthunzi pamene apurofesa ankaimika mota yawo, njinga yamoto yofiira imene ankaipukuta kuposa nkhope yawo. Ndinatukula mpando, n'kukhutulira nsanza zija m'kati, pafupi ndi pamene pamatentha.

Inali nyengo ya dzuwa lija la kwathu loti ngakhale abuluzi amabisala. Tsiku loyamba apurofesa anafika akuyang'ana kunsi kwa nsapato zawo. Lotsatira anati mwina khoswe wafera mu injini. Tinamva kuti akazi awo anatsika panjira popita kutchalitchi n'kuyenda wapansi. Agalu a kumsika anayamba kuwaperekeza mpaka pageti. Ine ndinkakhala kutsogolo m'kalasi, nkhope ya mwana wabwino, m'mimba mukupweteka ndi kuseka kobisa.

Anazipeza ndi makaniko. Madzulo ake apurofesa anabwera kumasewera atanyamula nsanza zija kunsonga kwa ndodo, kutali ndi thupi lawo. Zinali zitafewa ndi kutentha, zikudontha, ndipo m'makwinya mwake munkayenda timphutsi toyera.

"Izi ndi zokulungira manja," anatero mosakweza mawu. "Aliyense atambasule manja ake. Opanda nsalu."

Tinatambasula. Msuweni anatambasula lamanzere lokha.

"Linalo wasungira ndani?"

Atamasula nsalu yoyera ija, amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo. Dzanja linali ngati chule wofufuma, khungu likunyezimira, ndipo kamzere kofiira kanali katakwera kudutsa pamfundo kulowera kuchigongono. Apurofesa anayang'ana kamzereko nthawi yaitali. Sanakalipe. Anafunsa kuti waviika mu chiyani, ndipo atamva anatseka maso.

"Kwera mota. Iwenso woseka iwe, kwera, ukamugwirize. Za mpando wanga tikambirana bwino."

Sindikudziwa kuti anadziwa bwanji. Mwina chifukwa ndinali ndekha amene misozi ya kuseka inkatsika.

Tinapita atatu pa mota yonunkha ija, ine kumbuyo, mphuno ili pakhosi pa msuweni. Kuchipatala anamwino, mayi wamkulu wa magalasi, anangoti, "Mkodzo wa mbuzi. Ana a sikola." Anandipatsa kabeseni kuti ndigwire. Atacheka pang'ono pokha, zinatuluka zimene sindikufuna kuzifanizira ndi chakudya chilichonse, kuopa kudzisalitsa china. Zinkangobwera. Msuweni analuma kolala ya malaya ake. Ine ndinapirira mpaka pamene anafinya kachiwiri, kenako ndinasanza pawindo, pamaluwa a chipatala.

"Mukanachedwa pang'ono tikanakambirana zodula," anamwino anauza apurofesa. Anamubaya jakisoni, n'kumupatsa mapiritsi, n'kuti azibwera kudzatsukitsa.

Amayi atamva analira kaye, kenako anakumbukira kapulana yawo n'kuyamba kukalipa. Ine chilango changa chinali kutsuka mota ndi sopo mpaka mwini wake akhutire, komanso kukolopa zimbudzi za anyamata. Ndinakolopa ndikuimba. Anthu amati ndikanangonena pakamwa, osavutitsa mphunzitsi wosalakwa. Mwina. Koma ndikananena, msuweni akanakana, akanabisa dzanja, ndipo agalu a kumsika sakanaperekeza munthu aliyense. Ndikanakhala ndi nsanza zina ndikanachitanso.

Ku Tete anapita ena. Tsiku limene ankanyamuka, msuweni anakhala pakhonde, dzanja lili mu bandeji yoyera, akuvutika kumanga mabatani ndi lamanzere. Anali asanandiyankhule chibwerere kuchipatala. Ndinamuyang'ana akulimbana ndi batani limodzi mpaka ndinatopa.

"Bwera kuno, nkhalamba iwe, ndikumange."

Anabwera, nkhope atayang'ana kumbali.

"Unandilanda Tete," anatero.

"Tete sathawa. Tagwedeza zala tione."

Anagwedeza. Zinayi zinayenda bwino. Chapakati chinapindika theka n'kuima. Anachiyang'ana, n'kuyesanso, ndipo chinapitirirako pang'ono.

"Anamwino akuti chibwerera ndikamachipinda tsiku ndi tsiku," anatero. "Iwe uzindilembera za m'kalasi mpaka chichire. Ndipo uzilemba zooneka, osati mapazi a nkhuku akowo."