Maso a Bambo Sattar

Yakobo Jailos anakulira ku Ndirande, kuseri kwa msika, kumene nyundo za okhoma ndowa ndi mbaula sizipuma mpaka dzuwa litalowa. Sukulu analekezera fomu 2. Pofika zaka makumi awiri anali kale mmisiri wowotcherera zitsulo, wa mageti ndi mafelemu a mawindo. Anzake ankamuseka kuti amachedwa ndi kuonerera chitsulo chikamazizira, mmene chimasinthira kuchoka pa chikasu cha udzu wouma, n'kufiirira, n'kukathera pa buluu. Iye ankangopitiriza ntchito yake. Anali munthu wosunga mawu m'kamwa, ndipo khalidwe limeneli linamupulumutsa kambirimbiri, kupatula kamodzi.

Ku England anabwera motsatira mkazi wake Miriam, namwino. Anakhazikika ku Beaumont Leys, mumzinda wa Leicester. Ntchito anaipeza pa kampani ina yaing'ono ya zitsulo ku Loughborough, ndipo anakwera basi ndi sitima zaka zambiri mpaka msana unayamba kukana. Atamuchepetsera masiku a ntchito, kumapeto kwa sabata kunkamutalikira. Miriam akakhala pa shifiti, ana atadzitsekera m'zipinda ndi mafoni awo, iye ankangoyendayenda m'misika ya zakale, ija azungu amayala katundu kumbuyo kwa galimoto.

Kumeneko ndi kumene tsiku lina anaona khobidi loboola pakati, la njovu ziwiri, lija linkayenda kwawo dziko lisanalandire ufulu. Analitola n'kudzilankhulira yekha: "Aa, iwe wafika bwanji kuno?"

"Pa ndege, ngati iwe. Ugula kapena ukungocheza nalo?"

Yakobo anadzidzimuka. Woyankhayo anali mmwenye wokalamba wa ndevu za mbuu, atakhala pa mpando wopinda. Anali bambo Sattar, obadwira ku Luchenza kuseri kwa sitolo ya bambo awo, amene anasamukira ku Leicester m'zaka za m'ma 1970. Chichewa chawo chinali cha pakauntala, chachidule, aliyense kwa iwo anali "iwe". Makobidi akale anayamba kusunga ali mnyamata, ndipo atapuma pa bizinesi ya nsalu anayamba kuwagulitsa. Koma matenda a shuga anali atawadya maso. Khobidi ankalizindikira ndi chala, kulemera kwake, ngakhale kulira kwake likagwa pa tebulo. Chimene sankathanso kuona ndi mtundu.

Pa malonda amenewa mtundu ndiwo nkhani. Khobidi lasiliva likakhala zaka makumimakumi m'kaenvelopu kapena m'dirowa yamatabwa, limayamba kuvala mitundu ngati utawaleza. Makobidi awiri a chaka chimodzi, operepeseka mofanana, lina lotuwa chabe lina la mitundu yokongola, la mitundulo likhoza kudula kakhumi kuposa linzake. Palibe buku limene limanena mtengo wake, diso ndilo limagamula. N'chifukwa chake pali akathyali amene amaphika makobidi pa moto, kapena kuwatsekera m'chitini pamodzi ndi mazira owiritsa, kuti m'masiku ochepa aoneke ngati agona zaka zana.

Yakobo anasanduka maso a bambo Sattar. Loweruka ankapita kunyumba kwawo ku Evington, mu Leicester momwemo, mayi Khatija akazi awo n'kuwaikira tiyi wa tsabola, awiriwo n'kukhala pawindo.

"Yamba m'mphepete," ankatero mkuluyo.

"M'mphepete muli buluu wakuda, bambo. Akamalowa mkati akusanduka wofiirira ngati khungu la mbatata. Pakati pali golide wopepuka. Kuseri kwa zilembo kwatsala koyera."

"Kwatsala koyera? Ndiye ndi lenileni. Lemba mapaundi mazana awiri."

Yakobo ankalemba mtengo pa kakhadi, ndi mawu awiri a Chingerezi otsimikiza kuti mtunduwo ndi wachilengedwe. Ogula a ku Leicester, Nottingham ndi Derby ankadziwa kuti khadi la pa tebulo la Sattar silinama.

Mu 2018 Yakobo anapulaya unzika. Miriam ndi ana anali nawo kale, iye anachedwa chifukwa mayeso a unzikawo anamugwetsa kawiri. Pankafunika anthu awiri omuikira umboni kuti ndi munthu wa khalidwe labwino, ndipo mmodzi wa iwo anali bambo Sattar. Atatumiza zonse anauzidwa kuti adikire. Anzake a kutchalitchi anamuchenjeza kuti nthawi yodikirayi munthu umayenda ngati waponda mazira, ngakhale mlandu waung'ono ukhoza kugwetsa zonse.

Chaka chomwecho Rafik, mwana wa bambo Sattar, analowa m'malondawo. Anali bambo wa zaka makumi anayi, wobadwira ku Leicester, shopu yake ya mafoni itangogwa kumene. Chichewa ankamva pang'ono koma osalankhula. Anayamba ndi kuwayendetsa bambo ake pa galimoto. Kenako tsiku lina anabwera ndi thireyi yodzaza makobidi akuluakulu asiliva a m'ma 1890, n'kunena kuti wawagula kwa anthu amene ankakhuthula nyumba ya malemu ku Loughborough.

Yakobo anaika galasi lokulitsira zinthu pa khobidi loyamba. Mitundu inali yowala mopitirira, buluu ndi pinki kulumphana popanda dongosolo, ndipo inakwera pamwamba pa zilembo ndi pankhope ngati mafuta oyandama pa madzi. Ankaudziwa mtundu umenewo. Unali wa chitsulo chimene chalawa moto.

"Bwanji wakhala chete?" anafunsa bambo Sattar.

Rafik anali ataima pakhomo, manja m'matumba, akumuyang'ana.

"Ndi lowala kwambiri, bambo. Buluu, pinki, wobiriwira pang'ono."

"Kuseri kwa zilembo?"

"Sikukuoneka bwino. Kuwala kwa lero n'kochepa."

"Rafik akuti nyumba yake waiona yekha, makabati akale. Lemba mazana asanu ndi limodzi."

Yakobo analemba. Mumtima ankati mwina diso lake ndilo lalakwa, iye si katswiri. Komanso munthu wobwera ulowa bwanji pakati pa bambo ndi mwana wake? Sabata yotsatira, akukatenga mabokosi m'galaja mwa bambo Sattar, fungo la mazira owola linamuwomba m'mphuno. Anatseka chitseko msanga, osauza munthu, ngakhale Miriam.

Zinaululika Lamlungu lina mu Novembala, pa chionetsero cha makobidi mu holo ina ku Wigston, kufupi ndi Leicester. Kunja kunkagwa mvula yamawawa, mkati anthu ali pikitipikiti pakati pa matebulo. Chakumasana kunafika mayi wina wachizungu dzina lake Hazel, mphunzitsi wopuma, kasitomala wawo wakale. Sanapereke moni. Anaika khobidi pa tebulo, pambali pake kakhadi ka mtengo.

"Ndinalitumiza kwa akatswiri oyesa makobidi," anatero m'Chingerezi. "Akuti mtundu uwu ndi wochita kupanga. Ndakhala ndikugula pano zaka zambiri, bambo Sattar. Ndauza kale mkulu wa chionetsero, ndipo mawa ndikupita ku ofesi ya khonsolo yoona zachinyengo pa malonda. Ndikufuna kudziwa, khadi ili analemba ndani?"

Ogulitsa a matebulo oyandikana anasiya zokamba zawo. Mkulu wa chionetsero uja anali akubwera, akudzipanikiza pakati pa anthu. Yakobo anayang'ana kakhadiko. Zilembo zinali zake, zopendekera kumanja monga anamuphunzitsira ku pulayimale.

Rafik ndiye anayamba kuyankha. Anati akatswiri nawonso amalakwitsa. Ataona kuti mayiyo sakugwedezeka, anatembenuka n'kuloza Yakobo.

"Bambo anga saona, aliyense akudziwa. Amene amayang'ana mitundu ndi kulemba makhadi ndi uyu. Ngati pali cholakwika mufunseni iyeyu."

Maso onse anagwera pa Yakobo. Anaganiza za envelopu ya yankho la unzika imene ankaidikira tsiku ndi tsiku, za Miriam amene ananyamula banja pa mashifiti a usana ndi usiku, za ana ake amene Ndirande ankangoionera pa zithunzi. Akanena zoona, ndiye kuti wapereka mwana wa munthu amene anamusainira umboni. Akakhala chete, mlandu ndi wake.

Bambo Sattar anapapasa pa tebulo mpaka anapeza galasi, n'kumupatsira. Analankhula m'Chichewa, motsitsa mawu.

"Yakobo. Ona bwino. Lero kuwala kulipo."

Yakobo sanalandire galasilo.

"Palibe chifukwa choonera, bambo. Khobidi ili laphikidwa."

"Ndi moto?"

"Ena ndi moto, ena ndi mazira. M'galaja mwanu."

"Ena? Ndi angati?"

"Thireyi yonse ya a Rafik."

Rafik anamva dzina lake ndi mawu akuti galaja. Anayamba kukweza mawu m'Chigujarati, koma bambo ake anangotukula dzanja, iye n'kukhala chete. Kenako mkuluyo anatembenukira kwa Yakobo.

"Unadziwa liti?"

"Ndinakayika tsiku lomwe anabwera nawo."

Bambo Sattar anaimirira movutikira. M'Chingerezi chomveka mpaka kumatebulo a kumapeto, anauza Hazel kuti akunena zoona, kuti ndalama yake aibweza yonse, ndipo anapempha mkulu wa chionetsero kuti alengeze kuti aliyense amene anagula pa thireyi imeneyo abwere nawo makobidiwo. Sanatchule mwana wawo, sanatchule Yakobo. Anati, "Tebulo ndi langa." Hazel analandira cheke maso ali ofiira, koma ananena kuti ku khonsolo apitabe, chifukwa si iye yekha amene anagula. Mkulu wa chionetsero anawauza kuti alongedze. Pamene Yakobo ankamaliza kumanga mabokosi, Rafik anali atapita kale ndi galimoto.

Anakwera basi yolowera m'tauni, Yakobo atasenza mabokosi awiri, mkono wina atagwiriza mkuluyo. Atayandikira Victoria Park bambo Sattar anati:

"Mwana wanga wandibera dzina. Zimenezo ndikambirana naye ine ndi Mulungu. Koma iwe ndinakufunsa kuseri kwa zilembo, unati kuwala n'kochepa."

"Ndinaopa kulowa pakati pa inu ndi mwana wanu, bambo."

"Unaopanso pepala lako."

Yakobo sanakane.

"Munthu wosaona akafunsa njira, wom'namiza ndi woipa. Koma woona dzenje n'kukhala chete, ameneyo ndimutcha chiyani?"

Atawafikitsa pakhomo, mayi Khatija anatsegula, n'kuyang'ana nkhope za awiriwo. Tsiku limenelo tiyi sanaikidwe.

Miriam atamva nkhaniyo madzulo anakhala pansi ndi yunifolomu yake.

"Abambo a Thoko, miyezi yonseyi mumagona pambali panga muli ndi zimenezi? Mukanandiuza ine bwenzi nditakuletsani kupitako tsiku lomwelo."

Masabata otsatira anali owawa. Foni ikalira ndi nambala yachilendo, ankaganiza kuti ndi a khonsolo. Ku ntchito analakwitsa muyeso wa chitsulo koyamba m'moyo wake. Itafika nthawi yoitanidwa ku khonsolo, Miriam anasinthitsa shifiti n'kumuperekeza. Mayi wofunsa mafunso anali waulemu koma wosamwetulira. Yakobo anafotokoza zonse, za thireyi, za fungo la m'galaja, ndi zoti khadi analemba ali ndi chikayiko. Atatuluka, anakhala pa benchi ya pamalo odikirira basi mpaka mabasi awiri anawadutsa.

Nkhaniyo sinafike kukhoti. Rafik anavomera, anachenjezedwa, ndipo onse ogula anabwezeredwa zawo, bambo Sattar atagulitsa makobidi awo a ku Nyasaland amene ankati sadzagulitsa ali moyo. Yakobo sanaimbidwe mlandu. Bambo Sattar sanachotse umboni wawo, ndipo unzika unatuluka mu Epulo 2019. Yakobo anawaimbira kuwaitanira ku mwambo wolumbira. Anayankha mayi Khatija, n'kunena kuti mkuluyo sakupeza bwino. Tebulo lija silinayalidwenso, ndipo Loweruka la ku Evington linatha popanda wonena kuti latha.

Yakobo anayamba kuyala katebulo kake kakang'ono ku misika ya zakale, ka makobidi wamba otuwa, phindu lake longokwanira basi ndi tiyi. Anthu ankamubweretsera makobidi a mitundu kuti awauze mtengo, ndipo ankanena pomwepo chimene waona. Ena ankachoka atakwiya.

Bambo Sattar anamwalira mu Disembala chaka chomwecho. Yakobo anamva maliro ataikidwa kale, monga mwa mwambo wawo wosagoneka thupi. Anavala jekete lake la kutchalitchi n'kupita ku Evington. Amene anatsegula chitseko anali Rafik. Anayang'anana, kenako Rafik anapatuka kuti alowe. Yakobo anavula nsapato, n'kukhala pansi m'chipinda cha amuna pakati pa anthu osawadziwa, osamva chimene chinkanenedwa. Akunyamuka, mayi Khatija anamupeza m'khonde, atafunda nsalu yoyera.

"Ankakufunsa," anatero m'Chichewa. "Ndikati ndikuimbire, ankakana. Ankati ubwera wekha."

"Ndinkaganiza kuti sakufuna kumva mawu anga, mayi."

"Nonse awiri ouma mitu."

Anamupatsa kaphukusi ka chakudya cha pamaliro koti akapatse Miriam ndi ana. Yakobo analandira ndi manja awiri, anavala nsapato zake, n'kutsika msewu wopita kokwerera basi, mphepo ikumuwomba kumaso.