Tsiku Limene Mayi Obdulia Anadumpha Masamba

M'fakitale ya fodya ya ku Camajuaní munalibe woyankhula belu la a Zoraida likangolira. Anthu oposa zana ankaweramira pa matabwa awo, manja ali kalikiliki kupichira ndudu, makutu onse ali kunsanja. Pansanjapo panali mpando umodzi, ndipo kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi mpandowo unali wa mayi Obdulia Ferrán. M'mawa ankawerengera anthuwo nyuzipepala, masana buku. Akawerenga mogwira mtima, opichira fodya ankamenyetsa mipeni yawo yodulira fodya pamatabwa, phokoso ngati la matalala padenga la malata. Zikapanda kuwakomera kunkangoti zii, ndipo m'fakitalemo munalibe mwano woposa kukhala chete kumeneko.

Mayi Obdulia analowa mmenemo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, atagwira mpeni wa malemu mayi awo. Anapichira fodya zaka khumi ndi chimodzi. Wowerenga wakale atatha mawu, anthu anayi anayesedwa, aliyense sabata yake, ndipo manja ambiri anakwezedwera Obdulia. Mawu anali nawo, zimenezo tisanamizane. Ankatha kukhala kazembe wa nkhondo, namwali wosiyidwa ndiponso wansembe woledzera pa tsamba limodzi. Madzi ozizira sankamwa, ndudu yomwe sankailawa, kusamala pakhosi. Sanakwatiwe. Ankati banja lawo ndi mabuku, ndipo ankanena mabuku enieni, onenepa, a nkhondo ndi njala ndi chikondi chopweteka. Koma matama, abale inu! Munthu ukamuyamikira zaka makumi atatu amaiwala kuti mpando anachita kumuikapo.

Vuto linabwera ndi a Nemesio Quiala, mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri amene ankakhala thabwa loyamba pansi pa nsanja. Maso awo anali atachita khungu moti zilembo zinkangooneka ngati nyerere, koma zala zawo zinkadziwa fodya popanda kufunsa maso. Tsiku losankha buku latsopano iwo anatulutsa m'thumba la pulasitiki mabuku asanu a zikuto zowala.

"Awa wanditumizira Yanelis, mdzukulu wanga wa ku Spain uja," anatero. "Akuti ana onse kumeneko apenga nawo. Ndi nkhani ya kamnyamata kamatsenga."

Mayi Obdulia anatenga buku limodzi ndi zala ziwiri ngati atola nsanza, nayang'ana chikuto chake.

"Madala, mwakalamba mpaka kubwerera ku ubwana? Muno si sukulu ya mkaka ayi. Pampando uwu panadutsa mabuku amene analiza azibambo a ndevu. Lero ndiziwerenga za mwana wojambula zitseko ndi khala?"

"Mpandowo ndi wathu, mayi," anayankha a Zoraida, mayi wa belu, amene ankatsogoleranso zosankha. "Inu ndi pakamwa chabe. Okonda buku la a Nemesio, manja m'mwamba!"

Manja anakwera ngati chimanga.

Ndiye mayi Obdulia anayamba kuwerenga monyinyirika. Nkhaniyo inali ya Tadeo, mwana wonyozeka wosesa m'nyumba yophikira buledi, amene anazindikira kuti akajambula chitseko pakhoma ndi khala, chitsekocho chimatseguka n'kumufikitsa kulikonse kumene mtima wake ukufuna. Womuphunzitsa kusamala mphatsoyo anali Anselmo, nkhalamba yophika buledi, yaukali koma yamtima wabwino. Mayi Obdulia ankawerenga mokokakoka, mawu ouma gwa, ngati akuwerenga mndandanda wa odwala. Ankaganiza kuti anthu atopa pasanathe sabata.

Kutopa kuti? Anthu akuluakulu, ena a zidzukulu, anayamba kukangana pa nthawi ya khofi za kamwana kam'buku.

"Ine ndikanakhala ndi khala limenelo, bwenzi pano ndikudya kwa mwana wanga ku Tampa."

"Iwe ukanajambula chitseko cha kwa mkazi wa mwini, tikukudziwa!"

"Nanga Tadeo uja bwanji osangojambula cha kosungira nyama ya nkhumba? Mwana wopanda nzeru."

Panalibe m'fakitalemo wopanda wake kutsidya la nyanja, kaya mwana, kaya mlongo, kaya mwamuna amene anati akubwera chaka chamawa zaka khumi zapitazo. Chitseko chimenecho aliyense ankachifuna. Zimenezi mayi Obdulia sanazione. Iwo anangoona kuti mipeni ikulira kuposa mmene inalirira pa mabuku awo onse, chikhalirecho iwo akuwerenga dala moipa. Ndicho chinkawapweteka kwambiri. Anthu sankaombera mawu awo, ankaombera kamfiti.

Buku loyamba litatha mayi Obdulia anati basi tapuma. Manja anakweranso, lachiwiri. Kenaka lachitatu. Miyezi isanu yathunthu! Mayiwo anasiya n'komwe chizolowezi chawo chopita ndi buku kunyumba kukaliwerengeratu. Ankati za ana sizifuna kukonzekera. Paja ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Lachisanu lina masana, kukutentha moti malaya ankamatirira kumsana, anaona kuti buku lachitatu latsala masamba makumi atatu ndi awiri, ndipo nthawi yatsala pang'ono. Akapanda kumaliza, kamfitiko kadyanso sabata ina. Anayang'ana pansi. Mitu yonse inali yowerama. Ananyowetsa chala, natsina masamba makumi atatu pamodzi, n'kuwatembenuza ngati tsamba limodzi. Anagwera pamene Tadeo waima yekha pakhoma lopanda kanthu, khala lili m'manja. Anawerenga masamba awiri otsalawo natseka buku kuti phwa.

Mipeni inalira mozengereza. Wina anafunsa kuti nanga adani aja athera kuti, koma a Zoraida anali ataliza kale belu. Mayi Obdulia anatsika akumwetulira chamumtima.

Lolemba m'mawa anapeza a Nemesio ataima pa makwerero a nsanja, atavala chipewa m'nyumba, chinthu chimene sankachita. Fodya wawo anali asanamukhudze.

"Ndidutse, madala."

"Simudutsa. Ndiuzeni kaye, Anselmo ali kuti?"

"Anselmo wake uti?"

"Musandipusitse, Obdulia! Wophika buledi ali kuti?"

Anthu anayamba kuimitsa ntchito. A Nemesio anatembenukira kwa anthuwo.

"Mukudziwa nonse kuti mwana uja anachoka kuno ali ndi zaka zinayi. Lero ali ndi khumi ndi chimodzi. Zaka zonsezi ndikamuimbira Lamulungu tinkangoti muli bwanji agogo, ndili bwino, sukulu bwanji, bwino, basi foni n'kuipereka kwa mayi ake. Ndikanamuuza chiyani ine? Za mpunga ndi nyemba? Chiyambire mabuku awa timacheza mpaka foni kutentha. Amanditcha Anselmo wake. Dzulo akundifunsa, agogo munalira? Ine ndikuti kulira chiyani mwanawe, Anselmo ali bwinobwino, tikumana naye m'buku lachinayi. Kenaka akuti, agogo, Anselmo anafa. Anagwira chitseko kuti ana adutse, iye n'kutsalira. Ndiye kuti simumamvetsera. Mumangondinamiza kuti ndisangalale. N'kudula foni."

Mkuluyo analoza mayi Obdulia ndi chala chakuda ndi fodya.

"Ndaimbanso kanayi, akukana kuyankha. Ine wabodza! Ine amene ndimakhala pano pansi pa mapazi anu, kuloweza dzina lililonse, kubwereza nkhani m'njira yonse popita kunyumba kuti ndisaiwale! Maso ndilibe. Maso anga ndinu. Mwandibera, mayi, mwandibera masana dzuwa likuswa mtengo."

Apa munthu wanzeru akanagwada. Koma mayi Obdulia magazi anali atakwera kale kumutu.

"Zonsezi chifukwa cha nkhalamba ya papepala? Ndakuwerengerani imfa za mafumu ine muno! Ndinadumpha, inde. Ndinadumpha zachibwana kuti tibwerere ku mabuku a anthu. Mwanayo mawa aiwala, ndi mwana."

"Mwavomera ndi pakamwa panu," anatero a Zoraida, mawu ali pansi. "Masamba angati?"

"Makumi atatu."

"Mayo ine!" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Nanga m'mabuku ena aja munatidyera angati?"

"Sindinadumphepo chilembo chimodzi zaka zonsezi!"

Zinali zoona, koma ndani akanakhulupirira? Munthu amene manja ndi maso ake zili pa fodya alibe njira yodziwira zimene zili papepala. Amangodalira wa pansanja. Mpeni woyamba unagwa pansi kuti ngwee. Kenaka wina, kenaka wina, anthu akuponya mipeni yawo pa simenti mmodzimmodzi. Mayi Obdulia anali atangomva kwa mayi awo kuti kalekale owerenga ankachotsedwa motero. Sanaganizepo kuti adzaziona ndi maso, ndiponso kuti zidzakhala za iwo.

A Zoraida anati asanachite chilichonse, anthu alandire kaye masamba awo. Mayi Obdulia anakwera pansanja, natsegula pamene anatsina paja. Anayamba ndi mawu ouma omwe aja, aukali. Koma nkhaniyo sankaidziwa, ndipo inawagwira asanakonzeke. Adani afika, chitseko chakhala chikufufutika, ana akudutsa mmodzimmodzi, nkhalamba yatchinga ndi msana wake, ikutukwana Tadeo kuti fulumira chitsiru iwe usayang'ane m'mbuyo. Pofika apo mawu a Anselmo anatuluka okha pakhosi pawo, osasa, aukali, achikondi. Anawerenga ngati mmene sanawerengerepo zaka khumi. Pa tsamba lomaliza mawu aja, osamalidwa zaka zonse aja, anasweka, koma anamaliza ndithu.

Atakweza maso anaona kuti palibe akupichira. A Nemesio anali atavula chipewa, misozi ikutsikira m'makwinya. Mayi Obdulia anatsika n'kuima patsogolo pawo.

"Pepani, a Nemesio."

"Pepani sapoletsa chilonda," anayankha mkuluyo. "Ndiye kuti kuwerenga chonchi munkatha nthawi yonseyi? Miyezi isanu mukutipatsa madeya, ufa mutabisa?"

Mawu amenewo ndi amene anawamaliza. Masana omwewo manja anakwezedwa. Ofuna kuti mayi Obdulia akhalebe anali khumi ndi anayi. Mpando unapita kwa Maité, mayi wa ana awiri wochokera kosankha masamba a fodya, amene analumbira kuti aziwerenga ngakhale manambala a masamba.

Anthu ankati mayi Obdulia sadzapondanso pafakitalepo. Anakhaladi kunyumba masabata awiri, akutukwana aliyense, a Zoraida, a Nemesio, dziko la Spain, ngakhale amene anapanga makala. Koma kunyumba kunalibe womumvera kupatula mphaka. Lolemba lachitatu anatulukira atakulunga mpeni wa mayi awo m'kansalu, napempha thabwa. Lopanda munthu linali limodzi lokha, loyandikana ndi a Nemesio.

Anakhala osapatsana moni. Zala za mayiwo zinali zitaiwala ntchito, ndudu zikutuluka zokhota ngati chinangwa. Pa tsiku lachitatu, osatembenuka, mayiwo anafunsa.

"Mwana uja akuyankha?"

"Akuyankha. Koma tsopano amandifunsa mafunso ngati kupolisi. Galu wa Tadeo dzina lake ndani, Anselmo ananena chiyani pomaliza. Sakhulupirira msanga." A Nemesio anadula fodya. "Ndipo anasiya kunditcha Anselmo."

Mayi Obdulia anaweramira pa fodya wawo.

Maité ankawerenga buku lachinayi mothamanga, mawu opyapyala, anthu onse a m'nkhani akumveka ngati munthu mmodzi. Mayi Obdulia ankang'ung'udza pansipansi, kuti puma apo iwe, mfumukazi siyankhula ngati wogulitsa mtedza. Ankadziuza kuti akungomvetsera zolakwa. Koma tsiku lina masana Tadeo anapeza pakhoma lina chitseko chimene sanajambule iye, chojambulidwa ndi chala choviika mu ufa wa buledi. Mwanayo anatambasula dzanja kuti akankhe. Nthawi yomweyo belu la a Zoraida linalira, ndipo Maité anatseka buku.

"Asa! Malizani tsambalo!"

Fakitale yonse inatembenuka. Anali mayi Obdulia, ataimirira, akumenyetsa mpeni wa mayi awo pathabwa, fodya atamwazika pansi.

"Mungasiyire munthu pamenepo? Kuseri kwa chitsekocho kuli ndani? Ndikuti werengani!"

Maité anayang'ana a Zoraida, a Zoraida anapukusa mutu kukana, nthawi yatha. Buku linalowa m'kabati, kabati inakhomedwa. A Nemesio sanaseke. Anapitiriza kupichira, maso awo akhungu ali kutsogolo.

"Khalani pansi, Obdulia," anatero. "Mudikira mawa ngati tonsefe. Ndipo muzipemphera kuti wapansanjayo asakudumphireni."