Khadi Lomwe Malume Anafufuta

Tsiku lomwe Tsabola anathamangitsidwa pa shopu ya achimwene ake, anachoka ndi chinthu chimodzi chokha m'manja: khadi la memole, laling'ono ngati chikhadabo. Ndipo khadilo linali lopanda kanthu. Malume ake anali atangolifufuta kumene.

Inu amene mwabwera kudzafuna mawu olimbikitsa, khalani pansi. Koma ndikuchenjezeni, nkhani iyi ndikamaifotokoza mtima wanga umawira mpaka lero.

Tsabola anali mtsikana wamasiye. Mayeso omaliza a kusekondale anamukana. Dzina limeneli anam'patsa ndi achimwene ake chifukwa cha pakamwa pake, ndipo achimwene omwewo ndi amene anamulera makolo atamwalira. Iwo ankakonza mafoni m'kashopu kopanikizika pakati pa telala ndi wometa tsitsi.

Achimwenewo anali ndi kamakina ka magemu kogwira m'manja, kofanana ndi foni koma kokhala ndi mabatani uku ndi uku. Mkati mwa timakina totere mumakhala pulogalamu yotchedwa emuleta, yomwe imatsanzira makina akale a magemu, aja tinkalumikiza ku TV. Kamakina kamanamizira kukhala makina akalewo, gemu yakale n'kukhulupirira, n'kuyamba kuyenda. Zonse zimakhala pa khadi la memole: emuleta, magemu, ngakhale pomwe wosewera walekezera.

Matenda atawagoneka achimwene m'chipatala, kamakinako ndi komwe kankawaiwalitsa ululu. Ankasewera mosinthana ndi Tsabola gemu ina ya msilikali woyenda m'nyumba yachifumu ya zipinda zambirimbiri. Gemuyo inkalola zilembo zisanu zokha pa dzina la msilikali, choncho achimwene analemba kuti TSABO.

Masana ena anafika pa chitseko chomaliza. Achimwene anadina batani losungira, n'kuzimitsa kamakina.

"Apa pokha sitilowa tili pa bedi la chipatala," anatero. "Ndikatuluka, tikalowa limodzi kunyumba."

Koma achimwene sanatuluke ndi miyendo yawo.

Misozi isanaume n'komwe, malume anatulukira pa shopu ndi loko watsopano. Malume amenewa anthu ankawatcha a Ndikudziwa, chifukwa panalibe chomwe munthu akanawauza iwo osayankha kuti "ndikudziwa". Kuchipatala sanapondeko phazi, koma njira ya kushopu sanasochere.

Anapeza kamakina mu dilowa. Anachotsa khadi n'kulilowetsa mu kompyuta kuti aone zomwe zinalimo.

Apa tcherani khutu, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Khadi la makina oterewa limalembedwa mwa mtundu wina womwe kompyuta wamba siitha kuwerenga. Ikaliona, m'malo movomera kuti yalephera, imanamizira khadi kuti ndi lowonongeka, n'kufunsa ngati ilifufute kuti likhale latsopano. Pansi pa funsolo pamabwera mabatani awiri: Inde ndi Ayi.

Tsabola analowa dzanja la malume lili kale pa mausi, kachipangizo kodinira pa kompyuta.

"Malume, musadine! Achimwene ankati kompyuta ikafunsa zimenezo tiziikana!"

"Ndikudziwa," anatero malume. N'kudina Inde.

Tsabola anakuwa mpaka telala anaimitsa makina ake. "Mwafufuta achimwene anga!"

"Iwe, usandilalatire. Ndi gemu chabe. Khadi labwinobwino ili, ndiikamo nyimbo ndigulitse."

Mtsikanayo anadumphira pa kompyuta, n'kusolola khadi, n'kulifumbata.

"Bweretsa kuno!"

"Sindibweretsa. Tengani shopu, tengani mafoni, tengani ndi mpando womwe. Ili lokha ayi."

"Ndiye tuluka, ndipo usadzapondenso pano. Munthu wolephera mayeso ungandiphunzitse ine kompyuta?"

Kamakina kaja malume anakagulitsa osaganiza n'komwe.

Gemu chabe! Mawu amenewa ndi omwe amandipsetsa mtima. Anthu oterewa alipo ambiri. Chinthu chomwe iwo sakuchimvetsa amachitcha chowonongeka, ndipo chomwe chili cha mtengo kwa mnzawo amachitcha chabe. Pa khadi lija panali malo omaliza pomwe Tsabola ndi achimwene ake anaimapo limodzi, ndipo munthu wamkulu ndi ndevu zake anawafufuta chifukwa choopa kuoneka mbuli pamaso pa mwana.

Tsabola anayamba kugulitsa makava a foni ndi machaja pa siteji ya basi, katundu wa eni ake. Ankagona pansi kwa mnzake. Khadi lija analiika m'bokosi la machesi, n'kulimangirira pa chingwe m'khosi. Sankadziwa chifukwa chomwe ankasungira khadi lopanda kanthu, koma kulitaya mtima unkakana.

Tsiku lina anabisala mvula pakhonde la situdiyo yojambula zithunzi. Mkati munali bambo wina ali kakasi chifukwa zithunzi za ukwati wake zinali zitafufutika. Mayi mwini situdiyo ankamuuza kuti: "Musajambulenso kalikonse ndi khadi limeneli. Zofufutidwa sizichoka nthawi yomweyo. Zimachoka mukalembapo zina pamwamba."

Tsabola anangotaya makava pansi n'kulowa osaodira.

"Amayi, mwati sizichoka?"

Anafotokoza zonse. Mayiwo anafunsa funso limodzi: "Malume akowo anaikamo nyimbo zija?"

"Sanafike poikamo. Ndinawalanda."

"Ndiye ukali wakowo wakupulumutsa. Ine ndimatha kubweza zithunzi basi, za magemu zakozo sindizidziwa ngakhale pang'ono. Koma pakonapo pali kompyuta yakale yongodya fumbi. Uzisesa muno m'mawa, masana uziigwiritsa ntchito."

Musaganize kuti zinayenda myaa. Maphunziro onse a kubweza zofufutidwa anali pa intaneti, m'chilankhulo chomwecho chomwe chinamugwetsa pa mayeso. Ankaonera kanema mmodzi mobwerezabwereza mpaka mayi aja ankadandaula kuti mawu a munthu wa m'kanemayo ayamba kuwalota. Akatopa, ankakumbukira dzanja la malume pa mausi, tulo n'kubalalika.

Choyamba anaphunzira kukopera khadi lonse monga liliri, osalembapo kanthu, kuti azigwira ntchito pa chokoperacho. Khadi lenileni linabwerera m'bokosi la machesi. Kenako anayendetsa pulogalamu yobweza zofufutidwa. Inalavula mafayilo masauzande, onse opanda mayina, manambala okhaokha. Penapake m'mulu umenewo munali msilikali wake, koma analibe ngakhale kamakina koyeserapo.

Apa m'pamene ntchito inamupeza. Makhadi obwera ndi timakinati amakhala otchipa ndipo sachedwa kufa. Kondakitala wina wa basi atamva kuti pa situdiyo pali mtsikana wa za magemu, anabweretsa kamakina kake. Tsabola anaikamo pulogalamu yolakwika, galasi linangoti bii. Kondakitala anamunyoza pamaso pa anthu mpaka anatchula za mayeso omwe. Tsabola anaugwira mtima, chinthu chomwe sanachitepo chibadwire, n'kumupempha kuti amusiyire kamakinako. Anafufuza, anayambiranso, mpaka kanayaka. Kondakitala yemweyo ndi amene anayamba kumulengeza mu basi.

Anabwera madalaivala, ophunzira, ngakhale abambo a dazi ofuna gemu yomwe ankasewera ali ana. Mayi aja anam'patsa tebulo pakhonde, ndipo makava a eni ake anawabweza. Munthu wina anamusiyira kamakina kosweka galasi, komata mabatani, akuti katha ntchito. Tsabola anakatsegula, anakatsuka, anasintha galasi, kanakhala kake.

Tsopano anayamba kuyesa mafayilo aja limodzilimodzi. Miyezi inapita. Atapeza lomwe kukula kwake kunkafanana ndi losungira gemu ija, sanachedwe. Analitsegula. Emuleta inalikana.

Anamenya tebulo mpaka masikulu omangira timakina anadumphira pansi.

"Tebulo langa lakulakwira chiyani?" anatero mayi aja. "Wakulakwira ali kushopu uko, akudya bwino. Tola masikulu ako ukhale pansi."

Anatola, anakhala pansi, anawerenganso. Anapeza kuti malo osungidwa motero amatseguka ndi emuleta yokhayo yomwe inawasunga, osati yatsopano. Ya achimwene inali yakale, ndipo sankadziwa kuti ndi iti.

M'masiku omwewo malume anatulukira pakhonde la situdiyo. Kushopu kuja kunali kutazizira, pakuti mafoni a anthu sakonzedwa ndi pakamwa. Anayang'ana anthu omwe anazungulira tebulo, n'kumwetulira ngati palibe chinachitika.

"Mwana wanga, tabwerera kushopu tigwire ntchito limodzi. Ife ndi amodzi."

Tsabola anaika pansi chomwe anagwira. Anavula chingwe m'khosi, natsegula bokosi la machesi.

"Malume, mukudziwa chomwe munafufuta tsiku lija?"

Malume anatsegula pakamwa. Anthu onse anadikira liwu lija. Silinatuluke.

"Simukudziwa," anatero Tsabola. "Simunafunse tsiku lija, ndipo lero simunafunsenso. Pitani bwino, malume. Kushopu sindibwera."

Malume atachoka, Tsabola anatsala akuyang'ana khadi lili m'manjamo, mtima ukadali kuwira. M'pamene nzeru inamufikira. Ankasaka emuleta ya achimwene pa intaneti ponse, chonsecho nayonso inali pa khadi lomwelo, m'mulu womwe uja wa mafayilo opanda mayina. Anabwereranso mu muluwo, anasanthula mpaka anaipeza, n'kuiika pa khadi latsopano pamodzi ndi gemu ndi fayilo lija.

Anayatsa kamakina. Anadina batani.

Nyimbo ya gemu ija inalira. Pa galasi panaoneka msilikali ataima pa chitseko chachikulu, lupanga lili m'manja, pomwe achimwene anamusiya. Pamwamba pake panali zilembo zisanu: TSABO.

Tsabola, yemwe sanalire pomwe ankathamangitsidwa, analira mokweza pakhonde la anthu. Mayi aja anamugwira paphewa.

"Sulowa?"

"Ndilowa, amayi, koma osati pano. Anati tikalowa kunyumba."

Anayamba wakopera fayilolo pa makhadi ena, khadi limodzi n'kuwasungitsa mayi aja. Kenako anatseka tebulo dzuwa likadalipo, n'kupita ku kachipinda komwe tsopano ankachita lendi yekha. Anakhala pa bedi lake, n'kusiya malo pambali.

"Achimwene, tafika kunyumba," anatero. "Tiyeni tilowe."

Chitseko chinatseguka. Chilombo chomwe chinali mkatimo chinamugwetsa msilikali asanaponye n'komwe lupanga. Tsabola anaseka misozi ili m'masaya, chifukwa achimwene akanamuseka kwambiri. Anadinanso batani lija, ndipo TSABO anaimanso pa chitseko, wamoyo, wokonzeka kulowanso.

Lero Tsabola ali ndi shopu yake, ndipo aliyense wogula kamakina sachoka asanamve lamulo limodzi: kompyuta ikakufunsani ngati ifufute khadi, dinani Ayi.

Inunso lamulo limeneli litengeni. Adzabwera anthu osakumvetsani, adzakutchani owonongeka, adzanena kuti zomwe mukulirira ndi chabe. Ena adzadina Inde pamaso panu. Psani mtima, chifukwa m'poyenera, koma mkwiyowo musaumwaze m'misewu. Pitani nawo pa tebulo la ntchito. Zomwe anafufuta mwa inu sizinachoke, bola musalole munthu kulembapo zake pamwamba. Landani khadi lanu, lisungeni, ndipo osataya mtima mpaka mutaimanso pa chitseko chanu.