Yunifolomu Yanga Inapita Kukaimba

Pa gulu lathu la pa foni, la ife amene tinaphunzira limodzi pulayimale kufupi ndi Nsaru, wina anaponyapo chithunzi cha kwaya ya Sitandade 7. Chinali chofwifwa, nkhope zosaoneka bwino. Analozera mtsikana wamtali woima kutsogolo n'kulemba kuti ndine. Anandizindikirira kolala, poti amayi anga anasokerera ulusi wofiira m'mphepete mwake kuti yunifolomu yanga isasokonekere ndi za ena. Anthu anayamba kuyamikira mawu anga, ena mpaka kukumbuka mmene ndinkakwezera nyimbo. Ndinawerenga zonsezo ndikusenda mbatata, ndipo sindinayankhe.

Ine sindinaimbepo m'kwaya. Aphunzitsi a kwaya, bambo wamfupi amene ankatsogolera nyimbo ndi kamtengo ka bulugamu, anandiyesa kamodzi n'kundiuza mwaulemu kuti ndikathandize a netibolo. Ku netiboloko ntchito yanga inali yosunga masilipasi a osewera. Chimene ndinali nacho ine ndi yunifolomu. Bambo anga atagulitsa fodya anandisoketsera kwa telala wa pa Nsaru, yabuluu, yaitali bwino kuti ndikule nayo.

Pasukulu pathu panali chizolowezi. Ku mpikisano wa makwaya sankalola mwana wopanda yunifolomu kuima pamzere, ndiye aphunzitsi ankayenda m'makalasi kubwereka za ife osaimba kuti aveke oimba. Palibe amene ankaona chachilendo. Unkabwera nayo m'jumbo dzulo lake, iwe n'kutsala kunyumba ndi zovala za kumunda.

Yanga inkagwera mtsikana wina, mwana wa matenanti a pa esiteti ya fodya, ochokera ku Mulanje. Anali wamtali ngati ine, ndipo m'kalasi monse ndi yanga yokha imene inkamufika m'mawondo. Ankabwera kusukulu manja ali bii ndi utomoni wa fodya, ndipo nthawi ya masamu ankawodzera. Koma akayambitsa nyimbo pansi pa mtengo wa mango, anyamata a mpira ankasiya kukangana.

Ulendo woyamba, wa mpikisano wa ku zoni, kwaya yathu inapambana. Lolemba ahedi anaitanira kwaya kutsogolo pa asembule, ife tonse tikuwomba m'manja. Nditawafotokozera amayi, anaseka.

"Diresi lako lafika kutali kuposa mwini wake," anatero.

Ndinaseka nawo, koma mawuwo anandikhala mumtima. Nsanje ndinali nayo, ndisabise.

Ulendo wachiwiri unali wa ku Kabudula, m'mwezi wa Juni, kukuzizira kwambiri. Dzulo lake ndinanama kuti ndaiwala jumbo kunyumba, ndibweretsa m'mawa. Kutacha ndinatenga yunifolomu ija n'kuiviika mu ndowa ya madzi. Sindinaganize zambiri. Ndinaifinya pang'ono n'kupita nayo kusukulu ikudontha.

"Ndinachapa mochedwa, sinaume," ndinawauza aphunzitsi.

Anandiyang'ana ine, kenako anayang'ana madzi amene ankadonthera pa nsapato zawo. Lole yonyamula kwaya inali italiza kale injini. Ndinkayembekeza kuti amuuza mtsikana uja kuti atsale. Iye anangoitenga m'manja mwanga n'kulowa nayo m'kalasi. Anatuluka ataivala, itamumatirira m'thupi, milomo ikunjenjemera. Anaima pamzere, wojambula zithunzi n'kuwajambula, kenako anakwera kumbuyo kwa lole kumene kumaomba mphepo. Sanandiyang'ane. Mukachionetsetsa chithunzi chija, yunifolomu yake ikuoneka yoderapo kuposa za anzake.

Akuti anaimba mawu atasasa, ndipo kwaya yathu inakhala yachitatu. Patapita masiku awiri anandibwezera yunifolomu itachapidwa, itasitidwa, itapindidwa bwino. Kumene anabwereka nsimbi sindikudziwa. Anangoti "Zikomo", basi. Malonda a fodya atatha banja lawo linasamuka monga achitira matenanti, ndipo teremu yotsatira pamalo pake panakhala wina.

Chaka chatha a pa gulu lija tinagwirizana zokapenta mdadada umodzi wa makalasi ndi kukaona aphunzitsi a kwaya, amene anapuma ntchito kalekale. Chithunzi chija anachikulitsa n'kuchiika m'fulemu. Titatha kudya, wapampando wathu anaimirira.

"Tsopano mayi athu a kolala yofiira atiyambitsire ija tinapambanira ku zoni."

Ndinaimirira. "Uyo si ine. Ndi yunifolomu yanga yokha."

Anthu anaseka, poyesa kuti ndi manyazi a ukulu. Wina anayambitsa yekha nyimboyo, onse n'kulandira, ena akusokoneza mawu. Ine ndinakakhala pa benchi pafupi ndi aphunzitsi. Anali atagwira chithunzicho pafupi ndi nkhope, poti maso anayamba kuwavuta.

"Mwanena zoona, mayi," anatero motsitsa. "Inali yonyowa tsiku lija. Inaumira m'thupi mwake tili m'njira."

"Ndinaiviika dala, aphunzitsi."

"Ndinadziwa."

Anayang'ananso chithunzicho. Ndinkadikira kuti andidzudzule, kapena kuti mtima undipweteke, ngakhale kamsozi kamodzi. Panalibe chilichonse. Ndinkangomva fungo la penti ndi kutopa kwa m'mapewa.

"Kodi paja dzina lake anali ndani?" anandifunsa.

Ndinafufuza m'mutu. Nkhope ya telala ndinaipeza. Ndowa ija ndinaipeza, yachitsulo, yophwanyika chogwirira. Ngakhale mmene anapindira manja a yunifolomu pondibwezera ndinakumbuka. Dzina silinabwere.

"Sindikukumbuka," ndinatero.

"Nanenso," anatero iwo, n'kupereka chithunzicho kwa wapampando.

Tisanabalalike anachipachika mu ofesi ya ahedi. Pansi pake anamatapo pepala la mayina a oimba, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, lolembedwa kale pa kompyuta. Ndinaima pakhomo n'kuwerenga. Pamalo pa mtsikana wamtali uja panali dzina langa, ndipo analilemba molondola.